Chilazi Chandichititsa Manyazi

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Ife kuno ku Bolton tilipo, msana wokhawu.

Mwana wanuyu Tadala wandichititsa manyazi. Anabwera ndi kabokosi ka timibulu tamufiriji kuchokera kushopu, akuti, "Mami, chilazi chapepo." Poti kuno ngakhale chinangwa timagula cha mufiriji, Lamulungu ndinaponya timibuluto mumpoto kuti ndiphikire amayi abusa omwe anadzandiona. Kuvundukula, phala lokhalokha, lonanda ngati ulimbo! Kani ndi ayisikilimu wokutidwa ndi ufa wampunga, ati mochi. Osanena bwanji? Amayi abusa anamwa tiyi wopanda chomwera, Tadalayo akungofa ndi phwete.

Kamodzi kotsala ndinakalawa. Shuga yekhayekha, chilazicho osachimva n'komwe.

Chonde Anaphiri akamabwerera kuno muwapatsire chilazi chenicheni. Koma nkhaniyi isafike kwa alamu.

Ambuye akusungeni,
Nabanda