Mnzanga wa Kompyuta M'malo Mwanu

Achimwene,

Asalamu alaikumu. Kuno ku Makokola tili bwino, amayi chifuwa chija chapola.

Mu gemu yathu ija aikamo anzathu oyendetsedwa ndi kompyuta, oti azithandiza amene gulu lawo laperewera. Chiyambireni inu ntchito yausiku ku Joniko, chilombo cha kuphanga chija chinkangondipha, ndiye ndinatengako mmodzi mwa anzathuwo. Loweruka nditaweruka kuhotela, tinachigonjetsa. Ndinakuwa kuti, "Achimwene, chagwa!" Wa kompyuta uja anangoima phee, kudikira kuti ndimulamule. Mlamu wanu anandifunsa kuti, "Mwapambana, nanga mwakhumatiranji?"

Sindikukudandaulani, ndikudziwa mumatopa. Koma mukapuma Lamlungu, lowaniko ngakhale pang'ono. Ameneyu salakwitsa, koma ine ndasowa kukalipa kwanu kuja ndikaphonya.

Allah akusungeni.

Mng'ono wanu,
Yusufu