Mudzi Wopachikika pa Chingwe

LACHIWIRI

[12:41] Bambo a Tsabola: wakananso?

[12:43] Make Tsabola: wakana. foni wangoyiika pa mpando nkutuluka. mwana wanuyu mutu ngouma ngati wanu

[12:44] Make Tsabola: inunso munachoka bwanji kupita ku ntchito kutaliko osamutsanzika, iye ali ku school? mpaka lero akuti alibe nanu mawu

[12:58] Bambo a Tsabola: poti mawu anga sakuwafuna, musiyireni ichi awerenge yekha. musamukakamize plz

[13:02] Bambo a Tsabola: Kuli mudzi wina wopachikika pa chingwe, pakati pa mapiri awiri. Nyumba zake zimalendewera ngati zovala zoyanika. Mphepo ikaomba, makapu amatsetsereka pa tebulo, ana n'kumawawakha. M'mawa nkhungu imalowa pa windo, ndipo imanunkha ngati bulangete lonyowa.

[13:03] Bambo a Tsabola: break yatha, ndikubwerera m'mwamba pa building

[17:20] Make Tsabola: wawerenga. kenako wabwerezanso akuloza ndi chala

[17:21] Make Tsabola: pano wakhala pansi pa chingwe chathu choyanikira, maso m'mwamba kkk

LACHINAYI

[07:10] Make Tsabola: bambo ake mwamutani mwana? kwaomba kamphepo, iye wagwira kapu ndi manja awiri, akuti ingatsetsereke

[07:12] Make Tsabola: mwana woti buku ndimachita kumuthamangitsa nalo. ndakutayirani kamtengo ndithu. sindinkadziwa kt welder wangayu amasunga zimenezi m'mutu

[12:35] Bambo a Tsabola: kkk tikakwera pa building zitsulo zimagwedera chomwecho. ndimangolemba zomwe miyendo ikumva

[12:37] Make Tsabola: akuti ana akumeneko amapita bwanji ku school? akufunsa ine koma maso ali pa foni

[12:49] Bambo a Tsabola: Amakwera m'dengu lalikulu n'kumadzikoka okha. Dengulo limalira kwii, kwii. Nsapato amazikoleka m'khosi kuti zisagwe. Imodzi ikagwa, onse amakhala chete kumvetsera, koma samva pomwe yafikira.

[12:52] Make Tsabola: eish. pomalizapo ngakhale ine ndatchera khutu. mawu ake ndi omwewa timalankhula daily, koma ndikuona phompho lonse

LOWERUKA

[09:15] Bambo a Tsabola: Mudziwo unali waulemerero wosaneneka, wokongola mochititsa kaso, wodzala ndi zozizwitsa zosasimbika zimene diso la munthu silinaonepo chilengedwere dziko.

[10:40] Bambo a Tsabola: wawerenga?

[12:05] Bambo a Tsabola: mayi ake?

[13:30] Make Tsabola: 🎤 voice note (0:11)

[13:33] Bambo a Tsabola: ndamumva kumbuyoko. akuti "sindikuonako chilichonse"?

[13:34] Make Tsabola: eya. wabweza foni wapita kukasewera

[13:35] Make Tsabola: ndangokuyamikani pang'ono mwayamba kulankhula ngati MC wa pa ukwati. wosaneneka ndye kt chani? nenani. mwana akufuna chinthu choti achigwire

[13:36] Make Tsabola: musamutaye apa, anali atayandikira

LAMULUNGU

[14:02] Bambo a Tsabola: Kumapeto kwa chingwe kuli kanyumba ka chitseko chobiriwira. Mumakhala bambo wina wokonza chingwecho. Manja ake ndi okhakhala, ndipo tiyi wake amazizira asanamwe. Pafupi ndi windo anaikapo kampando kakang'ono. Amakapukuta m'mawa uliwonse, koma sipakhala munthu.

[15:47] Make Tsabola: ndine tsabola osati amami

[15:48] Make Tsabola: kampandoko ndi kandani

[15:48] Bambo a Tsabola: ka mwana wake wamkazi

[15:51] Make Tsabola: pochoka anamutsanzika

[15:56] Bambo a Tsabola: ayi. ankaopa kumuona akulira

[16:20] Bambo a Tsabola: Tsabola?

[16:34] Make Tsabola: analirabe

[16:35] Bambo a Tsabola: akudziwa mwana wanga. pepa

[16:41] Make Tsabola: chitsekocho chikhale chofiira. chobiriwira sindichifuna

[16:41] Bambo a Tsabola: chafiira kale

[16:44] Make Tsabola: ndiye imbani mundiuze zamkatimo. kulemba mumachedwa adadi