Kamakina ka Abwana Kali Pawindo

Lachisanu, 1937

Alestina,

Pepani, ndachoka osatsanzika. Abwana a ku esiteti andisiyira kamakina kawo koyezera kuwala pojambula zithunzi. Akuti muvi wake sukuyenda, zithunzi zikungotuluka zakuda, ndipo mawa akufuna kujambula ukwati wa mlongo wawo. Ine wokonza mawotchi, za makamera ndazidziwira kuti? Nditatsegula ndapeza chinyezi cha chiperoni chokhachokha, kawaya kenanso kaduka. Ndathamangira kwa a Kasimu ku Khonjeni kukabwereka chowotcherera.

Kamakinako ndakayanika pawindo, chonde musakasunthe. Tizitsulo tili m'mbale yanu ya tiyi musataye ngati tsiku lija, si zinyalala! Abwana akabwera ine ndisanafike, muwauze kuti kakupezako bwino. Akayamba mafunso ambiri, muziwayankha m'Chilomwe mpaka atope.

Amosi