Ndinadikira kuti Sabata lithe

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu anga. Kuno tilipo, tiyi waphukira ndi mvulayi, ndipo Tadala wayamba kukwawa.

Achemwali, ndinatsala pang'ono kutumbiza. Alamu anu ankakana zakulera, ati kuthira panja n'kokwanira. Lachisanu lina usiku anachedwa kuchotsa, iwonso anavomera. Kutacha linali Sabata, ndiye ndinachita manyazi kupita kuchipatala ndi nkhani yotere. Lamulungu akapitawo anatiitana kothyola tiyi. Ndinakafika Lolemba.

Anamwino, omwe timaimba nawo kwaya, anandikalipira: "Mayi, mapiritsi olera apangozi amafuna kumwa msanga, mukachedwa mphamvu imachepa. Ife pa Sabata timagwira ntchito muno! Komanso kuthira panjako, ngakhale bambo asachedwe, mimba imatheka."

Ndinamwa pomwepo. Mlungu wathawu ndapita kumwezi, mpaka ndinaseka ndekha m'munda, dengu lili kumsana. Alamu anu, omwe anaonda ndi mantha kuposa ine, anandiperekeza okha kukabayitsa jakisoni, atanyamula Tadala.

Amayi musawauze. Mutumize tinsapato, mwanayu ayamba kuyenda asanalandidwe bere.

Ambuye akusungeni kutaliko.

Ndine mng'ono wanu,
Esinati