Kope la Kalasi ya a Feldheim

Lolemba, 3 Novembala 1958

Chifunga. Bondo likuwawa. Osindikiza akufuna masamba makumi anayi pofika pa 14: moyo wanga, maganizo anga, ndi pamene ndaima pamzere wa anzeru a ku Ulaya. Ndayambira kwa Agiriki, ndatsika bwinobwino mpaka pa ine. Kudzitama? Eya. Fumbi ndiwe mwini.

Lachiwiri, 4 Novembala

Mkazi wanga Irmtraut wasiya kutaipa pa tsamba 17. Zaka zonsezi sanayambe wasiyira chiganizo panjira. Akuti, "AProfesa, nzeruzi munazitola pamsewu? A Feldheim ali pati umu?"

A Feldheim. Mphunzitsi wanga, Myuda. Boma linawachotsa ntchito mu 1933 chifukwa cha Uyuda wawo, pampando wawo ndinakhalapo ine. Anamwalirira ku London, sindinalembe ngakhale kalata.

Lachinayi, 6 Novembala

Kumlatho kawiri, osadziwa chomwe ndikukatenga. Dzina langa laima pa ganizo limodzi lokha: kuiwala si ngozi, ndi ntchito imene munthu amagwira mwadala. Mabuku anga atatu, onse ana a chiganizo chimenechi. Chinanenedwa m'kalasi yawo ya Lachitatu, mu 1929, chitofu chikufuka. Koma chinatuluka pakamwa pa yani, panga kapena pawo? Ngati ndi pawo, masamba makumi anayiwa ndi mbiri ya mbava. Ndili ndi mantha, basi.

Lamlungu, 9 Novembala

Kutchalitchi sindinapite. Ndime ya a Feldheim ndalemba kanayi, ndang'amba kanayi. "Anandilimbikitsa." Madzi okhaokha. "Tinkaganizira limodzi." Irmtraut kuseka: "Limodzi? Inu pakamwa panali potseka, bambo, dzanja lokha ndi limene linkayenda."

Mkazi ameneyu! Nayenso analimo m'kalasimo miyezi ingapo, ukwati usanamusiyitse sukulu. Ndiye azindiuza ine?

Lachiwiri, 11 Novembala

Ndakumbukira ndikumeta ndevu, mpaka kudzicheka. Mwambo wa kalasi: sabata iliyonse wophunzira mmodzi ankalemba zokambidwa zonse, wakuti wanena chakuti, mphunzitsi n'kusaina pansi. Makopewo ayenera kuti ali m'chipinda chapansi cha laibulale, ngati mabomba a nkhondo anawasiya. Mawa m'mawa. Ndikapeza kuti ndi iwo, ndilemba zoona, ndalumbira. Ndikapeza kuti ndine, vinyo.

Kukhala pansi kukundikanika.

Lachitatu, 12 Novembala

Kope lilipo, likununkha chinyezi. Tsiku lake 6 Febuluwale 1929. Mlembi ndinali ine, zolembazo ndi dzanja langa lenileni.

A Feldheim anafunsa ngati kuiwala kumangomugwera munthu. Kenako mzere uwu, wa mkazi wanga tisanakwatirane: Irmtraut Vahle akuti ayi, ndi ntchito, munthu amaigwira mwadala. A Feldheim akuti mawuwa alembedwe monga anenedwera. Pansi, siginecha yawo.

Ndawerenga katatu. Tramu, sitima ya m'misewu, ndaisiya, ndabwera wapansi, bondo osalimva n'komwe.

Irmtraut ndamupeza akusenda mbatatesi. Ndamuuza zonse ndili chiimire, chipewa kumutu. Mabuku atatu anataipa yekha, chiganizo chakecho, dzina langa pamwamba! Ndafunsa chifukwa chimene sananenere. Mpeni sanauike pansi. Akuti, "Ndimati mukayamba mwabweza za akufa, mwina mutifikako ndi amoyofe."

Manyazi. Kwatsala masiku awiri. Ndamupempha kuti mawa akhale pampando wanga, pamakina ndikhale ine. Kutaipa sindidziwa. Mpeni uja wauika pansi.