Mzere Wachikasu wa ku Msika

Lolemba, 9 Juni
Ndagweranso m'ngalande. Kachitatu chaka chino. Magalimoto atseka kanjira ka m'mbali mwa msewu pafupi ndi msika, ine ndi njinga yanga ya olumala kulowa pakati pa msewu. Lole kumbuyo, huta. Ndinakhota mwamantha, basi khu! Madiresi a ukwati wa eni ake, ndasoka sabata yathunthu, onse m'madzi onunkha. Anandidzutsa ndi a Sufiyani, tcheyamani wa akabaza. Mwini galimoto ina yomwe inatseka kanjirako anatuluka m'shopu kudzaona ngati ndakanda penti.

Lachinayi, 12 Juni
Kunabwera mayi Janet a bungwe lina la ku Lilongwe. Akuti kuli msonkhano wochepetsa magalimoto m'tauni ya Balaka, oyenda pansi ndi apanjinga tipumeko. "Mawu anu ndi ofunika, a Nafisa." Ndalemba mfundo zinayi. Mtima m'mwamba.

Lachitatu, 18 Juni
Msonkhano wake chipinda cham'mwamba! Akabaza awiri kundinyamula pamasitepe ngati thumba la chimanga, anthu akuonerera. Panja magalimoto mbwee, aliyense yake. Bwana wotsegulira msonkhano ofesi yawo ili tsidya la msewu, koma anabwera pagalimoto. Maola atatu kutionetsa zithunzi za mizinda ya kunja. Ndinakweza mkono kanayi. Akuti, "Nthawi yatithera." Pojambula chithunzi ndi pomwe anandikumbukira, kundiika kutsogolo.

Lolemba, 30 Juni
Ajambuladi mzere wachikasu, kuchokera kumsika mpaka kusiteshoni ya sitima. Chikwangwani: njinga ndi oyenda pansi okha. Ndapalasa njira yonse osacheuka. Kawiri, popanda chifukwa. Alhamdulillah. Mwina ndinawaweruza msanga.

Lachisanu, 4 Julayi
Iyayi, sindinalakwe. Mzere ulipo, magalimoto pamwamba pake. Yoyamba ya bwana omwe aja. Dalaivala akuti, "Sachedwa, mayi, zungulirani." Ndizungulire kuti? Ndaimbira mayi Janet. Akuti pulojekiti inatha, lipoti linapita kale. Ndasoka kolala chagada ndi mkwiyo, kusolola, kusokanso.

Lolemba, 7 Julayi
A Sufiyani anabwera kushopu kwanga. Akabaza makumi anayi agwirizana: mawa m'mawa njinga zonse pamzere, osasuntha, ngakhale okwera awapite. Achimwene a Nasiru akuti, "Ukamangidwa, ana aphikiridwa ndi ndani?" Ndapopa matayala.

Lachiwiri, 8 Julayi
Tinaima. Amayi a tomato anabwera okha ndi madengu awo, osaitanidwa. Galimoto ya bwana inafika, huta, huta, huta. Palibe anasuntha. Wapolisi anafunsa mtsogoleri ndani. Onse zii, a Sufiyani maso pansi. Ndinapalasa kutsogolo. Dzina? Nafisa Chande. Akuti ndikaonekere kupolisi Lachinayi. Ndinamufunsa lamulo lomwe ndaphwanya poimika njinga panjira ya njinga. Anayang'ana chikwangwani nthawi yaitali, cholembera m'mwamba.



Magalimoto onse lero anakaima kuseri kwa mashopu. Bwalo lalikulu, mthunzi wake womwe. Kani malo analipo nthawi yonseyi.