Maso m'Kabotolo

Okondedwa achemwali,

Choyamba ndifunse moyo. Muli bwanji kumeneko, inu ndi alamu ndi ana? Nanga msana uja unkakuvutani wayamba kumva mankhwala? Ife kuno tilipo. Mlamu wanu ali bwino, kungoti sakudya mokwanira. Mwana wathu Kakhoswe akupuma. Ndalemba choncho dala, chifukwa Lachiwiri lapitali panatsala pang'ono kuti mawu amenewa asalembeke.

Ndalemba kalata chifukwa foni munadula. Ndinaimbanso kawiri, osayankha. Pepala simungalidule. Ndamuuza dalaivala wa basi kuti akupatseni m'manja pamodzi ndi kaphukusi, ndipo kaphukusiko musatsegule musanamalize kuwerenga. Zolemba zanga mukuzidziwa, sukulu ndinaisiyira panjira, koma mumva.

Pa foni paja ndinangoti mwana watsamwa ndi diso la chidole, inu n'kuseka. Munati ana onse amameza zinthu. Munandikumbutsa kuti ine ndinameza kandalama kachitsulo ndili wamng'ono, koma lero ndili ndi ndevu. Munatinso wokonza njinga adziwa chiyani za zoluka. Mawu amenewa andiotcha masiku anayi. Ndiye khalani pansi mumve zimene munakana kumva.

Tsikulo mlamu wanu anapita kumsika, mwana n'kumusiya kwa ine kuntchito. Ndinamukhazika pa katoni pansi pa tebulo pomwe pali mthunzi, ndi kanjovu kaja munamulukira. Mukudziwa mmene ndimasungira malo anga. Manati amakhala m'chitini chotseka. Timipira tachitsulo ta m'mawilo ndimatiika pamwamba pomwe ngakhale ine ndimachita kunyanyamphira. Anzanga amandiseka kuti ndimasesa pansi ngati ndi m'chipatala. Chilichonse chimene chingalowe m'kamwa mwa mwana ndinachichotsa. Chimene sindinachiope ndi chochokera m'manja mwa azakhali ake.

Ndinali ndikumanga masipoko, ndikumumva akucheza ndi njovu yake m'chinenero chawo chija. Kenako zii. Mwana wa chaka ndi miyezi iwiri akangokhala chete masana, kholo limadziwa. Nditacheuka ndinamuona ali tsonga, pakamwa yasa, maso tong'o, mawu osatuluka ngakhale pang'ono. Sanalire, achemwali. Mwina mumaganiza kuti mwana wotsamwa amalira. Salira ayi. Milomo inayamba kuda.

Ine amene ndimamasula chilichonse ndinangoima ndi sipanala m'manja. Kenako ndinamunyamula n'kuyamba kumugwedeza ngati chitsiru, ndikufuna kumupisa chala kukhosi. Amene anandilanda mwana ndi amayi atelala aja amasoka pakhonde loyandikana nane. Anandikankha ndi chigongono, amvekere chotsa zala zako zagirisizo, ukakankhira mkati. Anamugoneka chafufumimba pantchafu, mutu kumunsi, n'kuyamba kumumenya kumsana ndi chikhatho. Kamodzi, palibe. Kawiri, palibe. Kachinayi kanthu kakuda kanadumpha n'kugubuduka m'fumbi, mwana n'kulira. Chibadwire sindinamvepo chinthu chokoma ngati kulira kumeneko.

Ndinakatola kanthuko. Kanali kamkanda kakuda, konyezimira, kali ndi kaulusi kamodzi pabowo. Njovu inali pa katoni paja, ikundiyang'ana ndi diso limodzi.

Kuchipatala anamuona, anati ali bwino, kukhosi kwangokalika pang'ono. Namwino anandifunsa pamaso pa anthu kuti bambo munali kuti. Ndinati ndinali pomwepo. Anati onse amene amabwera kuno amakhala anali pomwepo. Anandionetsa botolo limene amasungamo zimene amachotsa mwa ana: mabatani, njere, zitsekerero za zolembera, mikanda. Anati m'botolomo muli za ana amene anabwerera kwawo okha, za enawo sasunga.

Tsopano ndikukumbutseni. Mutabwera mwezi uja ndi thumba la zidole, ndinatenga mkango n'kuugwira diso. Ndinati achemwali, ichi chalendewera pa kaulusi kamodzi, bwanji osangosoka maso a ulusi? Munandilanda mkangowo. Munati maso a ulusi amaoneka ngati chidole chili m'tulo, ogula amakopeka ndi zonyezimira, ndisamale za matcheni anga. Aliyense anaseka, nanenso ndinaseka, chifukwa ndinu aakulu. Koma tsiku lomwelo ndi inu amene munamutcha mwanayu Kakhoswe, atakutafunirani lamba wa chikwama. Munaona ndi maso anu kuti mwana ameneyu chilichonse amayesa ndi mano. Mwa anthu onse, inu simungati simunadziwe.

Sindikunyoza ntchito yanu. Manja anu ndimawadziwa. Ndinakula ndikuvala majuzi oluka inu, ndipo palibe ina imene inasosoka. Njovu imeneyi yakokedwa chitamba, yachapidwa, yapondedwa, koma msoko sunatseguke, thonje silinatuluke. Ndiye chimene chikundipsetsa mtima n'chimenecho. Mumakhala masiku awiri mukuwerenga mfundo, kuluka mwendo uliwonse mofanana ndi unzake, kenako chinthu chokhacho chimene chingaphe munthu mumachimanga ndi kaulusi kamodzi pomaliza, mutatopa. Zili ngati ine ndipukute njinga mpaka iwale, koma mabuleki n'kumangira ndi luzi.

Mvetserani zimene ndinachita, ndipo sindipepesa. Munasiyira mlamu wanu zidole makumi awiri kuti azikugulitsirani. Zisanu ndi ziwiri zinali zitapita kale, m'thumba munatsala khumi ndi zitatu. Titangofika kunyumba ndinazikhuthulira patebulo n'kutenga pulayala. Ndinkafuna kuti mwina ndipeze kuti njovu ija inali yangozi chabe. Achemwali, pulayala sinafunike kwenikweni. Maso ambiri anathothoka ndi zala. Ena ndinachita kuyesa ndi mano anga, monga angachitire mwana, n'kutsalira m'kamwa mwanga. Fulu yekha ndi amene anandivutako. Pomaliza patebulo panali nyama khumi ndi zitatu zosaona, ndi mulu wa maso m'mbale.

Mlamu wanu anagwira pakamwa, anati achemwali atipha. Ndinati bola atiphe ife.

M'mawa mwake sindinatsegule kuntchito. Ndinamuuza mlamu wanu kuti akumbukire aliyense amene anagula, tinayamba kuyenda khomo ndi khomo. Tangoganizani munthu wamkulu kugogoda pakhomo la eni ake, pulayala ili m'manja, ati ndabwera kudzachotsa maso a chidole cha mwana wanu. Bambo wina anandifunsa ngati ndamwa kapena ndayamba misala, n'kuitana galu. Ndinamuonetsa kamkanda kaja, ndinamuuza kumene kanatuluka, anakatenga yekha chidolecho. Kamtsikana kena kanalira mpaka kugubuduka poona ndikuchititsa khungu mkango wake, kanandigenda ndi nsapato. Ndinalandira. Kulira kumeneko ndimakukonda masiku ano.

Pakhomo lachisanu ndi pomwe zinthu zinavuta. Mayi wa pamenepo anabweretsa mphaka uja wachikasu, ali kale ndi diso limodzi. Anati linasowa sabata yatha, iye ankayesa lagwera pansi pa bedi. Mwana wake ndi wamng'ono kuposa Kakhoswe. Tinasesa nyumba yonse, tinatembenuza matiresi, tinasefa zinyalala ndi manja. Silinapezeke. Mayiyo anabereka mwana n'kuthamangira kuchipatala, ndipo asanapite anayang'ana mlamu wanu mwa mtundu wina. Mwanayo akuti ali bwino. Koma disolo palibe akudziwa kumene linapita, ndipo mayiyo satipatsanso moni.

Zisanu ndi chimodzi tinazipeza. Chachisanu ndi chiwiri, chule wobiriwira uja, anagula mayi wapaulendo pamalo okwerera basi, ali ndi khanda kumbuyo. Mlamu wanu akungokumbuka kuti anavala mpango wofiira. Ndafunsa makondakitala, ndafunsa ogulitsa zipatso, onse akuti mipango yofiira ndi yambiri. Chule ameneyu ali kwinakwake, m'manja mwa mwana amene mano akumuyabwa. Ndikamadya ndimamuganiza. Ndikamapopa tayala ndimamuganiza.

Pano ndinene chimene sindinauze munthu, ngakhale mlamu wanu. Diso la njovu lija ndinaliona likulendewera kutatsala masiku atatu. Ndinali ndi lumo m'thumba. Ndikanangodula, nkhani yonse ikanathera pomwepo. Koma ndinaganiza kuti achemwali akadzabwera n'kupeza njovu yawo ili ndi diso limodzi adzakhumudwa, adzati tikunyoza mphatso. Ndinalikankhira mkati ndi chala, ndinati ndidzalimanga bwino mawa. Ine amene ndimakalipira makasitomala kuti nati yolefuka sidikira mawa! Mlamu wanu akudziimba mlandu kuti anasiya mwana, n'chifukwa chake sakudya. Ndikamata kalatayi ndimuuza, zivute zitani.

Ndiye muone kuti mkwiyo wangawu si wa inu nokha. Ndinaopa nkhope yanu kuposa khosi la mwana wanga. Ulemu umenewo ndi umene unatsala pang'ono kutigulitsa bokosi la maliro. Munandibereka kumbuyo, munandisambitsa, ndipo ndidzakulemekezani mpaka kufa. Koma pa nkhani iyi yokha ulemu ndauvula ndaupachika pamsomali.

Chimene chandilembetsa kwenikweni ndi ichi. Mlamu wanu wandiuza kuti muli ndi oda ya zidole makumi atatu ya kusukulu ya mkaka, yoti mukapereke Lolemba likubwerali. Achemwali, kumeneko ndi ana okhaokha a msinkhu wa Kakhoswe ndi okulirapo pang'ono, mphunzitsi mmodzi, manja awiri. Zidole makumi atatu ndi maso makumi asanu ndi limodzi. Ine ndinali ndi mwana mmodzi, pafupi ngati apa ndi apo, koma sindinaone. Ndipo si paliponse pamene pali amayi atelala pakhonde loyandikana.

Ndikudziwa kuti oda imeneyi mwaidikira nthawi yaitali, ndiponso kuti chiimire ntchito ya alamu, pakhomo panu pakudalira singano yanu yolukirayo. Sindikuti musiye. Ndikuti dulani mikandayo musoke maso a ulusi. Ndi madzulo awiri basi, ana anu aakuluwo akhoza kukuthandizani kudula.

Musanene kuti sizingatheke, chifukwa ine ndayesa. Amayi atelala anandipatsa singano yaikulu ndi ulusi wakuda, anandionetsa kulowetsa kuchokera kumbuyo kwa mutu, kubwereza kasanu, mfundo n'kuibisa mkati mwa thonje. Ndasoka zonse zimene ndinachititsa khungu, za anthu zija ndabweza. Kunena zoona sizikuoneka bwino. Njovu ya Kakhoswe diso lina lili kumwamba lina kumunsi, mlamu wanu akuti ikuoneka ngati yachokera kumowa. Aka kanali koyamba kuseka chichitikireni zija. Koma mwiniwake sanadandaule. Anailandira n'kuika chitamba m'kamwa ngati kale. Zonyezimira zimakopa amayi, achemwali. Mwana amagula ndi mano.

Ngati zala zanga zokhakhala izi zatha kusoka diso loti pulayala yalephera kuzula, inu mukhoza kusoka lokongola kakhumi. M'kaphukusimo muli bakha wanu, woyamba amene ndinamusoka. Museke mmene mungathere, kenako mumukoke diso ndi mphamvu zanu zonse. Mupatsenso alamu akoke.

Ndikudikira yankho lanu pofika Loweruka, dalaivala yemweyo akhoza kubwera nalo, kapena muimbe foni, ine sindidula. Mawu awiri okha akwana: ndadula mikanda. Mukakhala chete, Lamulungu ndikwera basi ndi pulayala yanga, ndidzakhala pakhonde panu mpaka diso lomaliza. Mukanditsekera chitseko, Lolemba mudzandipeza pageti la sukuluyo ndikuyankhula ndi aphunzitsi. Mukhoza kundikwiyira chaka chathunthu, mukhoza kuuza abale onse kuti mlongo wanu wakula mtima. Ndilola. Chule mmodzi wandikwana, sindingasenze ena makumi atatu.

Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti pampu yawo ija ndinaikonza, ndidzabwera nayo. Ana onse muwapatse moni, wamkuluyo alimbikire sukulu asafanane ndi amalume ake. Mlamu wanu akupereka moni, ati musamukwiyire, iye anandiletsa koma sindinamve. Mulungu akusungeni, asunge manja anuwo, asungenso mwana wa mayi wa mpango wofiira kulikonse kumene ali.

Tsopano tsegulani kaphukusi. Pambali pa bakha pali kabotolo ka mankhwala, muli maso anu makumi atatu ndi asanu ndi atatu, ndabweza chifukwa ndi katundu wanu. Atatu sindinawapeze. Limodzi ndalikulunga palokha m'kapepala, sindinalitsuke. Limenelo ndi la Kakhoswe wanu. Muliike pachikhatho, muone kuchepa kwake, kenako mundiyankhe.

Ndine mlongo wanu,
Bambo a Kakhoswe